Ma valve a radiogram ya malemu bambo anu musawataye kaye

Achimwene, mwafunsa ngati ma valve (timababu tagalasi tokulitsa mawu) a mu radiogram ya Philips, wailesi yoimbanso mbale, imene malemu bambo anu anasiya ndi otha, poti pamwamba pa galasi pada bii ndipo wokonza wina m'tauni wakuuzani kuti mugule atsopano onse. Zithunzi zanu ndaziona. Ndalamayo isungeni kaye m'thumba.

Chakuda chonyezimiracho si kupsa ayi. Amachitcha getter, ndipo ndi barium amene anamuwaza dala ku fakitale kuti azimeza timpweya totsalira m'galasimo. Chikakhala chasiliva kapena chakuda, galasi likadali lotseka bwino. Choopsa ndi choyera. Getter akayera mbuu ngati ufa, ndiye kuti mpweya walowa, valve imeneyo yafa basi. Pa zanuzo sindinaonepo yoyera.

Komatu diso limathera pomwepo. Chimene chimatha mu valve chili mkati mwenimweni: cathode, kachitsulo ka nickel kopakidwa mankhwala a barium ndi strontium, kamene kakatenthedwa kamatulutsa ma electron. Mankhwalawo amafooka pang'onopang'ono, koma heater, kawaya kotenthetsa cathode, imayakabe bwinobwino, ndiye anthu amaona kamoto kofiira n'kumati ili moyo. Valve imodzi yokha mu seti yanuyo ndiyo mungaiweruze ndi maso: EM84, kadiso kowala kosonyeza kuti siteshoni yagwira. Ikayamba kuzimirira yatopa, koma nyimbo siisokoneza.

Makina oyezera alipo, monga AVO ya ku Britain kapena Hickok ya ku America. Mukapeza munthu amene ali nawo muno mu Lusaka, mufunseni ngati akuyeza mutual conductance (mphamvu ya valve yokulitsa mawu) kapena emission chabe (kuchuluka kwa ma electron otuluka pa cathode). Ya emission imatha kuloza pa "good" valve ili yofooka kale. Ndipo makinawo nawonso ndi nkhalamba. Ngati sanakonzedwepo, manambala ake ndi ongoyerekeza. Ine ndimakhulupirira kwambiri kuyeza valve ili pamalo pake, ikugwira ntchito.

Yambani ndi EL84, poti ndiyo imasenza katundu wopita ku sipika ndipo ndiyo imayamba kutha. Buku la fakitale limati EL84 yatsopano, pa 250V, imakoka 48mA pa anode, chitsulo chake chachikulu, ndi 5.5mA pa screen, timawaya ta mkati mwake. Ndi resistor ya 135 ohms pa cathode, mita imawerenga pafupifupi 7V. Yang'anani resistor ya pa pini 3 (ya cathode) mu seti yanu, yezani ma volt ake, gawani ndi ma ohm, mwapeza mphamvu imene valve ikukoka. Fananizani ndi zolembedwa pa diagram ya setiyo, chifukwa opanga ena ankaika resistor yokulirapo. Ikatsika pang'ono, isiyeni igwire ntchito. Ikatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, mawu n'kumasweka mukakweza volyumu, bass n'kuchepa, yayandikira kumapeto. Koma musathamangire kuinena: rectifier EZ80, valve yopatsa zinzake magetsi, ikafooka, ma volt onse amagwa, EL84 yabwinobwino n'kumaoneka ngati yotha. Yezani kaye kumeneko.

Za moyo wotsala, palibe angakuuzeni kuti yatsala ndi miyezi mwakuti. Wonena zotero akufuna kukugulitsani china chake. Chimene chilipo ndi ichi: oyeza amatsitsa ma volt a heater kuchoka pa 6.3V kufika cha m'ma 5.7V, n'kuona singano ya makinawo. Valve yamphamvu imangogwedera pang'ono, yotopa imagwa kwambiri. Ma Hickok ambiri ali ndi switch yake ya zimenezi, yolembedwa life test.

Tima valve tating'ono ngati ECC83 timakoka 1.2mA chabe, n'chifukwa chake timakhalitsa kwambiri. Vuto lake limamveka m'makutu. Gogodani pang'ono ndi pensulo seti ikulira. Mukamva ngwee mu sipika, yayamba kumva kugwedezeka. Phokoso la thethethe nthawi zambiri ndi mapini a dzimbiri, ongofunika kupukuta.

Tsopano chimene ndikuchiopa ine si ma valve, ndi ma capacitor, tizipangizo tosunga magetsi. Seti imene yakhala zaka zambiri osayatsidwa imakhala ndi capacitor yapepala pakati pa valve yaing'ono ndi grid (polowera mawu) ya EL84, ndipo zoterezi zikakalamba zimadutsitsa magetsi. Grid ikalandira ma volt osayenera, EL84 imakoka mopyola, chitsulo chake chachikulu chimafiira, ndipo output transformer ikhoza kupsa. Muikemo valve yatsopano osasintha capacitor imeneyo, nayonso ipita. Zimitsani nyale m'chipinda muyang'ane: kamoto ka heater pakati ndi kabwino, buluu wa pagalasi alibe vuto, koma chitsulo chotuwacho chikafiira, kapena mukaona kuwala kwa pinki pakati pa zitsulo, zimitsani pompo.

Kumbuyo kwa seti kuli poikira ma volt. Athu kuno ndi 230V, ndiye ngati pali kusankha pakati pa 220 ndi 240, ikani pa 240. Heater yopyola 6.3V imafupikitsa moyo wa valve iliyonse. Malaiti akapita zulani pulagi, akabwera dikirani akhazikike. Pa jenereta ine sindingaiyatse n'komwe.

Ngati EL84 yathadi, zatsopano zikupangidwabe, monga JJ ya ku Slovakia ndi za ku Saratov ku Russia, ngakhale mitengo inakwera mu 2022. Gulani imodzi yokhayo. Zakalezo muzisunge, ndipo wokonza akati azitaya, muuzeni akubwezereni. Onani m'munsi mwa galasi: Mullard ya ku Blackburn imakhala ndi timanambala tosafufutika tokhala ndi B, Telefunken yeniyeni ili ndi kachizindikiro ka diamond pansi pakati pa mapini. Zimenezo kunja amazilimbirana, ndipo za inki yofufutika osamazitsuka ndi madzi.

Ngati simunagwirepo mita mkati mwa seti yotere, musayambire pa imeneyi. Muli ma volt oposa 250, ndipo ma capacitor aakulu amawasunga ngakhale mutazula pulagi. Pitani nayo kwa akuluakulu amene ankakonza mawailesi kale, mukaime pomwepo, muwapemphe ayeze zitatu: ma volt otuluka ku EZ80, a pa pini 3 ya EL84, ndi a pa grid, pini 2, amene ayenera kukhala pafupi ndi 0. Mulembe manambalawo muwatumize kuno tiwaone limodzi.