Chifukwa chake Nile amalowera kumpoto

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji Nile amalowera kumpoto pomwe mitsinje ina imatsikira kummwera. Nanenso ndinakula ndikuganiza choncho. Chomwe chinatisokoneza ndi mapu aja ankapachikidwa pakhoma m'kalasi: kumpoto kunkakhala pamwamba, ndiye maso ankaona ngati madzi a Nile akukwera khoma. Muwayale pansi mapuwo, muona kuti palibe chodabwitsa.

Madzi amangotsata kutsetsereka kwa nthaka basi. Taonani mvula ikamagwa pa denga la malata: dontho lina lithamangira kukhonde, lina kuseri kwa nyumba, chonsecho agwera malo oyandikana. Mapiri ndi zitunda zimagawa madzi chimodzimodzi. Nyanja ya Victoria, kumene nthambi ya Nile yotchedwa White Nile imatulukira, ili pamtunda wopitirira mamita 1,100 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo kotsika kwake n'kumpoto, ku Egypt, mpaka mu Mediterranean.

Koma tisapite kutali, zitsanzo tili nazo kwathu konkuno. South Rukuru amayambira ku Mzimba n'kuyenda ulendo wautali cholowera kumpoto, kenako amakhota kukathira m'nyanja ya Malawi m'boma la Rumphi. Bua amachokera ku Mchinji kulowera chakumpoto chakummawa mpaka ku Nkhotakota. Lilongwe amatsika ku Dzalanyama, akumana ndi Linthipe, n'kukathira ku Salima. Mukangodumpha malire ku Mchinji kulowa mu Zambia, madzi ambiri amatembenukira ku Luangwa, yemwe amapita kummwera chakumadzulo.

Shire ndiye amandisangalatsa kwambiri. Amalowera kummwera chifukwa akutsata chigwa chachikulu chomwe chinang'ambika kalekale, chomwechonso muli nyanja yathu. Nyanjayo ili pafupifupi mamita 474 pamwamba pa nyanja ya mchere. Kuchoka ku Mangochi, kudutsa Malombe mpaka ku Liwonde, nthaka n'njafulati moti madzi amayenda mwaulesi. N'chifukwa chake nyanja itaphwa kwambiri, kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935, mchenga ndi zomera zinatseka poyambira pa mtsinjewu ndipo madzi a m'nyanja analeka kutuluka. Tangoganizani, Shire yemweyu! Koma kupitirira Matope amagwa pafupifupi mamita 400 asanafike ku Chikwawa, ndipo mathithi amenewo ndi omwe amatipatsa magetsi pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Kumunsi nakonso kuli zake. Ruo akadzaza ndi mvula ya m'phiri la Mulanje, amafika pa Chiromo ndi mphamvu yoti Shire amalephera kudutsa bwino, madzi n'kubwerera m'mbuyo kukasefukira m'dambo la Elephant Marsh ndi m'midzi yozungulira. Anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa izi amaziona ndi maso.

Ndiye palinso mitsinje yosafika n'komwe ku nyanja ya mchere. Likangala, Domasi ndi Phalombe amathera m'nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe potulukira, ndipo madzi ake amachoka pouma ndi dzuwa.