Kantina yakale ya pamsika akufuna kuigwetsa: kodi munisipiyo ingaletse?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Ulongwe, ku Angónia kuno ku Mozambique, mphunzitsi wopuma pantchito, amene anapempha kuti dzina ndisunge. Akuti pafupi ndi msika pali kantina yakale ya khonde lalitali, imene akuluakulu amati inamangidwa m'zaka za m'ma 1950, tauniyi ikutchedwabe Vila Coutinho. Pakhonde pakepo m'pamene bambo awo ankakhala ndi makina osokera, ndipo anthu atayamba kubwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha mu 1992, ambiri ankafunsira pomwepo za abale awo osowa. Tsopano yagulidwa, ndipo mphekesera ikuti mwini watsopano akufuna kuigwetsa n'kumangapo mashopu osanja. Funso lawo n'lakuti: "Kodi pali lamulo lotchinjiriza nyumba ngati imeneyi? Mwana wanga amene ali ku England akuti kumeneko khonsolo imasunga mndandanda wa nyumba zakale za m'dera lake. Nanga ife kuno?"

Amayi, lamulo lilipo, ndipo si la dzulo. Ndi Lamulo nambala 10/88 la pa 22 Disembala 1988, limene linatuluka nkhondo ili mkati. M'menemo muli mfundo imene ambiri saidziwa: nyumba iliyonse yomangidwa chisanafike chaka cha 1920 njotetezedwa kale, popanda wina kuipemphera. Chakacho sanangochitola panjira. Lamulolo likuti m'pamene linathera gawo loyamba la nkhondo zokana atsamunda, ndipo ife a kuno timadziwa kuti nkhondo ya Makombe ya ku Báruè inabuka mu 1917. Ndiye kuti tchalitchi cha misheni ya Boroma, chimene Ajezwiti anamanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 paphiri loyang'ana Zambezi, chili m'khola. Linga la São Tiago Maior mumzinda wa Tete nalonso lili momwemo. Aliyense wosunga nyumba yotere saloledwa kuigwetsa kapena kuisintha popanda chilolezo, ndipo ikayamba kuwonongeka ayenera kukanena ku boma.

Koma kantina yanuyo inabadwa mochedwa. Yatsalira kunja kwa khola ndi zaka makumi atatu, ndipo siili yokha. Zambiri zimene timaloza ndi chala pouza ana kuti "apa mpamene", ndi za pambuyo pa 1920: masukulu a misheni, makantina a m'misewu yopita ku malire, nyumba za mashefe a posto, ngakhale mlatho wa Dona Ana ku Mutarara womwe ndi wa m'ma 1930. Kuti chinthu chotere chilowe m'kaundula wa chuma chotetezedwa, lamulo likuti mphamvuyo ili ndi Bungwe la Nduna ku Maputo, ndipo mu 2016 boma linatulutsa Decreto 55/2016 yolongosola kasamalidwe ka nyumba ndi malo a chikhalidwe. Njirayo ilipo, sindikukuletsani. Kungoti kalata yochoka pamsika wa ku Ulongwe ikamadzafika patebulo la nduna, njerwa za kantina zidzakhala zitamangira kale khola la nkhumba la winawake.

Apa mpamene mawu a mwana wanu akugwira ntchito. Wanena zoona. Ku England makhonsolo ambiri ali ndi mndandanda wawo wa nyumba zimene boma lalikulu silinaziike m'kaundula wa dziko, koma eni dera amaziona kuti n'zofunika. Mndandandawo paokha si chishango cholimba. Mphamvu yake njakuti munthu akabwera kudzapempha chilolezo chomanga pamalopo, wogamula amapeza dzina la nyumbayo lili kale papepala, ndipo ayenera kuliganizira asanasaine. Nzeru yonse yagona pamenepo: dzina la nyumba lifike mu ofesi pempho loigwetsa lisanafike.

Kwathu kuno khomo lolowera ndi pulani ya tauni. Lamulo nambala 19/2007, la kagawidwe ndi kagwiritsidwe ka malo, limafuna kuti tauni ikhale ndi pulani yaikulu, imene pa Chipwitikizi amati Plano de Estrutura Urbana, ndi ina yatsatanetsatane ya chigawo chimodzi, Plano de Pormenor, yonena kuti apa pamangidwe chiyani, chachitali bwanji, ndipo apa pasakhudzidwe. Lamulo lomwelo limati anthu amvedwe pulani isanavomerezedwe. Ulongwe ndi munisipiyo kuyambira 2008, choncho ili ndi Conselho Municipal yoyendetsa ntchito ndi Assembleia Municipal ya anthu amene munawavotera, ndipo ndi iwowo amene amavomereza mapulaniwa. Kwa abale a ku Dómuè, Tsangano kapena Furancungo, kumene kulibe munisipiyo, nkhani imapita ku boma la distirito, kudzera m'makonselyo a m'madera momwe mumakhala mafumu ndi akuluakulu ena.

Chinanso, musaiwale kuti dothi ndi la boma. Wogulayo wagula makoma ndi denga, DUAT ya malowo, ndiye kuti ufulu wogwiritsa ntchito dothilo, n'kumutsatira, koma zimenezi sizimupatsa ufulu wobweretsa nyundo m'mawa mwake. Kumanga, kusintha kapena kugwetsa nyumba m'tauni kumafuna lisensa, ndipo lisensayo imatuluka ku munisipiyo komweko. Ndiye pa funso lanu loti kodi ingaletse, ndinganene kuti mpata ili nawo. Koma wogwira ntchito mu ofesi sangakanize munthu wa mapepala okwanira chifukwa choti mayi wina wadandaula pakhomo. Afunika chogwira m'manja choti akaloze kwa akulu ake, ndipo chimenecho ndi inu muyenera kumubweretsera.

Yambani ndi anthu okalamba, lero lomwe. Tengani foni, khalani pamphasa ndi agogo awiri kapena atatu amene anaiona kantinayo ikumangidwa kapena anagulamo mchere ndi palafini, muwajambule mawu. Afunseni zinthu zogwirika: njerwa anaumbira kuti, anawotcha ndani, mitengo ya denga inachokera nkhalango iti, itatha nthawi ya atsamunda munalowa ndani. Funso lomalizali n'lofunika, chifukwa mu 1976 boma linatenga nyumba zambiri zobwereketsa ndi zimene eni ake anazisiya, ndipo mapepala a nthawi imeneyo akhoza kusonyeza kuti nyumbayo inadutsa m'manja mwa yani. Ijambuleni mbali zonse zinayi, pamodzi ndi zinthu zazing'ono: mahinjesi a zitseko, zitsulo za m'mawindo, malo opereseka pasimenti ya khonde pamene miyendo ya makina a bambo anu inkapondera. Ngati kuli chithunzi chakale cha ukwati kapena ubatizo chimene kantinayo ikuonekera kumbuyo, chimenecho n'choposa masamba asanu a madandaulo.

Kenako lembani rekerimento, kalata yopempha, m'Chipwitikizi poti ndicho chinenero cha mu ofesi, yopita kwa pulezidenti wa Conselho Municipal. Ikhale ya tsamba limodzi. Munenemo kuti nyumbayo ili pati, ndi ya liti, n'chifukwa chiyani anthu a m'tauni amaiwerengera, ndipo mupemphe zinthu ziwiri zokha: ilembedwe pa nyumba zoyenera kusungidwa mu pulani ya tauni, komanso akatswiri a zachikhalidwe aione kaye lisensa iliyonse yogwetsa isanatuluke. Asaine ndi ambiri, osati inu nokha: sekeretariyo wa bairo, mfumu, atelala, amayi a pamsika, a mipingo yosiyana. Kope ina ipite ku ofesi ya distirito yoona zachikhalidwe, ina ku Direcção Provincial de Cultura e Turismo ku Tete.

Ndipo chonde, musachoke pakauntala opanda karimbo pa kope yanu. Ine zinandionekera. Zaka zapitazo ndinakapereka kalata yofanana ndi imeneyi ku ofesi ina, wolandira anaiyamikira, n'kuiika m'dirowa ine ndikuona. Nditabwerera patatha miyezi iwiri, pampandopo panali munthu wina, ndipo anandifunsa mwaulemu kuti, "Abambo, muli ndi umboni woti munabweretsa?" Ndinangoti kukamwa yasa. Kuyambira pamenepo ndimanyamula makope awiri, imodzi ndimabwerera nayo ili ndi chidindo, deti ndi siginecha.

Mukonzekerenso mawu amene mudzawamve ndithu, mwina kwa achinyamata, mwina kwa wina wa mu asembleya: "Tisungirenji nyumba ya atsamunda?" Musawapsere mtima, funsolo lili ndi maziko. M'makantina ambiri makolo athu ankaberedwa pasikelo, ndipo misewu yofika kumeneko inalimidwa ndi anthu a chibalo. Koma Lamulo 10/88 pofotokoza chuma cha chikhalidwe limatchula zimene anthu a Mozambique anapanga ndiponso zimene anazilandira n'kuzisandutsa zawo. Mwini woyamba anakhalamo mwina zaka makumi awiri. Anthu a ku Angónia akhala pakhonde limenelo zaka zoposa makumi asanu chichokereni iye, ndipo manja amene anaponda dothi la njerwazo sanachoke ku Lisboa. Kwa ine imeneyo ndi nyumba yathu. Ndionjezere pambali kuti maganizo omwewa tiyenera kuwafikitsanso kumalo opanda makoma. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, koma dambwe likapanda kuoneka pamapu a munisipiyo, mawa lidzagawidwa mapuloti. Nkhani imeneyo tidzaikamba padera.

Za mwini watsopanoyo, ine ndikanakhala inu ndikanapita kukamuona kalata isanapite, ndi munthu wamkulu mmodzi woti amamulemekeza. Munthuyo wataya ndalama zake, sanabe. Akangomva kuti mwamunenera ku ofesi asanamve za inu, adzathamangitsa ntchito, ndipo nyumba yogwa palibe lamulo loidzutsa. Komanso mphekesera ikhoza kukhala itakula panjira. Makantina ambiri a nthawi imeneyo ali ndi bwalo lalikulu kumbuyo, kumene kunkakhala nkhokwe ndi ngolo. Mashopu osanja akhoza kukwana kumeneko, kutsogolo n'kusiya khonde ndi chipinda chachikulu momwe zilili, n'kuikamo famasi kapena malo odyera. Mukapita ku munisipiyo mutagwirizana kale zotere, mwawapeputsira ntchito, chifukwa kuvomereza n'kosavuta kusiyana ndi kukaniza munthu.

Pali chinthu china chimene mu imelo yanu simunachitchule, ndipo ndicho chikundidetsa nkhawa kuposa nyundo: denga lili bwanji? Kumudzi kwathu kunali kasukulu ka njerwa zowotcha zomangira dothi, kopakidwa laimu. Nthawi ya nkhondo malata anasasulidwa. Makoma anapirira dzinja loyamba. Lachiwiri madzi analowa pamwamba pa khoma, dothi la pakati pa njerwa linasungunuka n'kumatsika ngati phala, chiswe chinakwera m'mafelemu, ndipo mbalame zinasiya njere ya kachere pamng'alu wa pakona. Pamene tinkabwerera, muzu wake unali ngati mkono wa mwana, utang'amba khoma kuchokera pamwamba mpaka pamaziko. Palibe anagwetsa sukulu imeneyo. Tinangotola njerwa.

Nyumba za mtunduwu zimafuna zochepa: malata osadontha, ngalande yochotsa madzi m'mbali mwa maziko, ndi munthu wotsegula mawindo tsiku ndi tsiku. Pokonza, mmisiri asathamangire kumata simenti yolimba pakhoma la dothi ndi laimu. Simenti imatsekera chinyontho mkati, njerwa zimafumbwa kuseri kwake, ndipo tsiku lina pulasitala yense amagwa chigamba chimodzi. Laimu ndi mchenga zimalola khoma kupuma. Izi muzilembenso m'kalata yanu, kuti a ku ofesi aone kuti simukupempha chinthu chodzawadyera bajeti.

Mvula ya ku Angónia siichedwa, Novembala akafika yayamba. Isanagwe, pitani masana dzuwa lili paliwombo, mupemphe kulowa mkati, mutseke chitseko, muyang'ane kumwamba. Paliponse pamene mudzaone kadontho ka kuwala m'malata, muwerenge. Mukatero mundilemberenso, munditumizire chiwerengerocho pamodzi ndi chithunzi cha pakona ya kumbuyo, mbali imene madzi a padenga amagwera.