App ya masamu ya mwana wa Grade R, pomwe foni ndi imodzi panyumba

FUNSO: Achimwene, ndine mayi wa ku Rosettenville, ku Joni. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 5, ali mu Grade R, kalasi imene ana amaphunzira asanalowe Grade 1. Aphunzitsi akuti manambala akumuvuta, ndiye anzanga kutchalitchi andiuza kuti ndimuikire app ya masamu. Ndalowa pa Play Store, zilipo mbwee, iliyonse ikuti ndi yaulere. Foni yanga ndi Samsung yakale, ndipo ndi yomweyi imene abwana amandiimbirapo. Ndisankhe iti?

YANKHO: Mayi, musanatsitse chilichonse, imvani kaye zimene ndinaona pabenchi yanga yokonzerapo mafoni mwezi watha. Kunabwera mayi wina kushopu, nkhope itagwa, akuti foni yawo ikudya mayunitsi yokha: R50 yoika Lachisanu, pofika Lolemba mulibe kanthu. Ndinaitsegula n'kupezamo app ya masamu yokhala ndi kanyani kovina. Mwana akayankha mafunso awiri, pankabwera kanema wotsatsa malonda, ndipo kamtanda kotsekera kanemayo kanali kakang'ono ngati njere ya therere. Chala cha mwana chikaphonya, chinkatsegula tsamba lina, ndipo tsiku lina mwanayo anadina povomera kuti azidulidwa mayunitsi tsiku ndi tsiku. Mayiwo anali atam'kalipira kale mwana. Mwana sanalakwe kanthu, kamtandako anakapanga dala kotero.

Ndiye poyambira ndi apa. Pa Play Store, pansi pa dzina la app pamalembedwa timawu ting'onoting'ono. Mukaona "Contains ads", ndiye kuti muli zotsatsa malonda. Mukaona "In-app purchases", ndiye kuti mkati muli zogulitsa, ndipo kawirikawiri maphunziro oyamba okha ndi amene amakhala aulere, otsatirawo amawakhoma mpaka mulipire. Kwa mwana wa zaka 5 amene akugwiritsa ntchito foni ya mayi ake, app yolembedwa mawu oyambawo ine ndimaikana ndisanaitsegule n'komwe.

Imene ndimaikira makasitomala anga ambiri ndi Khan Academy Kids. Inatuluka mu 2018, anaipangira ana a zaka 2 mpaka 8, ndipo eni ake ndi bungwe losachita malonda la ku America. Mulibe zotsatsa, mulibe zogula. Muli kuwerenga zinthu, maonekedwe a zinthu, kuphatikiza ndi kuchotsera, komanso timabuku ndi zilembo. Idzakufunsani imelo yanu polembetsa, basi. Zovuta zake ndi ziwiri. Ndi yolemerako, choncho pafoni yakale muyambe mwachotsa makanema a m'magulu a WhatsApp amene adzaza malo, ndipo muitsitse pa Wi-Fi, kaya kuntchito abwana akalola, osati pa bandulo yanu. Chachiwiri, imalankhula Chingerezi cha ku America, chosiyana ndi cha aphunzitsi ake. Koma ana makutu awo ndi akuthwa kuposa athu, sachedwa kuzolowera.

Za chiyankhulozi musade nazo nkhawa kwambiri. Ife tomwe akuluakulu, ndani amati "makumi awiri ndi mphambu zisanu" pogula tomato? Timati twente faifi. Chimene mwana akusowa si dzina la nambala ayi, koma kudziwa kuti sikisi ndi zinthu zingati zikaikidwa patebulo.

Apa m'pamene ma app ambiri amagwera. Muikeni mwana pamiyendo, mumusiye asewere mphindi 10, inu muzingoyang'ana chinthu chimodzi: akalakwa, app ikuchita chiyani? Ina imangolira "tuu" n'kumusiya adine yankho lina mwa atatu mpaka agwere pa lolondola, kenako nyenyezi ndi kuwomba m'manja. Imeneyo ikumuphunzitsa kulota, ndipo mwana wochenjera amazindikira msanga kuti palibe chifukwa chowerengera. App yabwino imamubwezera ku zinthuzo, kuti azigwire chimodzichimodzi ndi chala, mawu akuwerenga naye limodzi.

Amene muli ndi abale kumudzi mwina mwamvapo za matabuleti a m'sukulu za pulayimale za boma ku Malawi, pa ndondomeko ya BEFIT imene inayamba mu 2023. Pulogalamu ya m'matabuletiwo ndi ya bungwe la onebillion, imalankhula Chichewa, ndipo mu 2019 inapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE pamodzi ndi pulogalamu ina yotchedwa Kitkit School, ataziyesa kwa ana a m'midzi ku Tanzania. Imabwera ndi matabuleti ake, koma ndaitchula chifukwa kapangidwe kake ndi kamene muzikafuna mu app iliyonse: mwana amasuntha zinthu ndi chala, mawu amamufotokozera, ndipo amakwera pang'onopang'ono.

Musathamangire zapamwamba. Silabasi ya kuno ku South Africa, imene amaitcha CAPS, mu Grade R imalimbikira manambala mpaka 10, ndipo mu Grade 1 kuphatikiza ndi kuchotsera kumafika pa 20. App imene ikuonetsa mwana wa zaka 5 masamu ochulukitsa ikufuna kusangalatsa inu kholo, osati kuthandiza iye. Pakatha milungu iwiri, khuthulani zitsekerero za mabotolo patebulo, mumuuze kuti "ndipatse seveni". Kenako bisani ziwiri m'dzanja, mufunse kuti zatsala zingati. Akakhoza, app ikugwira ntchito. Akamangoyang'ana kumwamba pomwe pafoni ali ndi nyenyezi zambirimbiri, ichotseni. Ife tinaphunzira ndi timiyala ndi timitengo todula m'thumba la shuga, ndipo mayeso a zitsekererowa sanandinamizepo.

Tsopano za foni yanuyo, popeza ndi ya ntchito. Mu app ya Khan muli gawo lotsitsiratu maphunziro kuti azitseguka popanda intaneti. Tsitsani amenewo, ndipo pomupatsa mwana zimitsani data yokha. Musaike pa "Flight mode", chifukwa abwana akaimba apeza foni yozima. Kenako lowani mu Settings, lembani mawu oti "pin" posakira, muyatse chokhomera app. Chimenechi chimachititsa kuti mwana asatuluke mu app n'kukalowa pa WhatsApp kapena pa app ya banki. Mukakhoma, pemphani aneba akuimbireni kamodzi, muone mmene foni yanu ikuchitira. Pa Play Store namonso yatsani zoti pasiwedi izifunsidwa pogula chilichonse.

Za nthawi, bungwe la WHO mu 2019 linalangiza kuti ana a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku atakhala pasikirini. Wanuyo wadutsako pang'ono, koma kwa ine mphindi 15 kapena 20 za masamu zakwana, inu muli pompo mukusadzula ndiwo.

FUNSO: Ndili ku Diepsloot. App ya masamu ya mwana wanga ndinaichotsa kalekale, koma banki ikundidulabe ndalama mwezi uliwonse. Foni yalodzedwa?

YANKHO: Sinalodzedwe, bambo. Kuchotsa app pafoni sikuthetsa pangano lolipira. Munavomera masiku oyeserera aulere, ndipo atatha, khadi lanu linayamba kudulidwa lokha. Tsegulani Play Store, dinani chithunzi chanu pakona yakumanja, lowani pa "Payments & subscriptions", kenako "Subscriptions", mupeza dzina lake pamenepo, mulithetse. Onetsetsani kuti mwalowa ndi imelo yomwe ija munalembetsera, chifukwa mafoni ambiri amene ndimagwira amakhala ndi maakaunti awiri kapena atatu, ina ya mlamu amene anawakonzera foni tsiku logula.

FUNSO: Ndikufuna kugulira mwana tabuleti yogwiritsidwapo kale ntchito mtauni. Ndiyang'ane chiyani?

YANKHO: Itseguleni pomwepo pamaso pa wogulitsa, muone ngati Play Store ilimo. Zida zambiri za Huawei zimene zinatuluka pambuyo pa 2019 zilibe Play Store, ndipo mudzavutika kuika app ya mwana. Onaninso kuti mwini wake wakale anachotsamo akaunti yake ya Google, apo ayi tsiku lofufuta zonse idzakukhomerani panja. Pomaliza igonekeni patebulo losalala. Ikamagwedezeka, kapena galasi likaoneka lotukuka m'mbali, batire yatupa, isiyeni ngakhale atakutsitsirani mtengo.