AR-15 m'nyumba ya lendi: yankho kwa achimwene a ku Indiana

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina wa kwathu amene akukhala ku Indiana, ku America. Akuti: "Anzanga a kuntchito ananditengera kumalo ophunzirirako kuwombera. Ndinawombako AR-15 ndipo ndinaikonda. Ndili ndi mkazi ndi ana awiri, timakhala m'nyumba ya lendi. Kodi ndigule yanga yotetezera banja?"

Achimwene, mfutiyo tiyambe taiika pambali, tikambe za mapepala anu, poti simunanene kuti muli ndi otani. Malamulo a America amalola nzika ndi munthu wa green card kugula mfuti. Amene ali pa viza ya sukulu, ya ntchito kapena yongocheza saloledwa, pokhapokha pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama. Amene viza yake inatha, kungopezeka nayo m'manja ndi mlandu. Pogula mumalemba fomu yotchedwa 4473, dzina lanu n'kufufuzidwa ndi FBI. Kunama pa fomuyo ndi mlandu waukulu, ndipo mlandu wa mfuti umathamangitsitsa munthu m'dziko ngakhale wa green card. Anzanuwo anabadwira komweko. Iwo akalakwitsa amasaka loya, inu mukalakwitsa mutha kukwezedwa ndege.

Kuti munaikonda sindikudabwa, ndi mfuti yopangidwa mwaluso. Anaikonza ndi Eugene Stoner m'zaka za m'ma 1950 ku kampani ya ArmaLite, n'kumene kunachokera zilembo za AR. Mu 1959 ArmaLite inagulitsa pulani yake kwa kampani ya Colt, ndipo kuchokera pamenepo kunabadwa M16 imene asilikali a America anamenyera nayo nkhondo ku Vietnam. Kusiyana kwake n'kwakuti ya asilikali itha kulavula zipolopolo motsatizana chala chili chikokere, pomwe AR-15 imatulutsa chimodzi pa kukoka kulikonse. Imalemera makilo atatu okha kapena kupitirira pang'ono, siikankha phewa kwambiri, ndipo munthu woyamba kumene amalasa nayo bwino kusiyana ndi pisitolo, kamfuti kakang'ono ka m'manja. Magazini yake yodziwika imanyamula zipolopolo 30. Mlimi wa ku Texas amene nguluwe zikumuthera chimanga, kapena munthu wa kufamu kumene apolisi amatenga nthawi kuti afike, ali ndi chifukwa chomveka chokhalira nayo.

Koma inu simuli kufamu. Tagogodani khoma la kuchipinda kwanu mumve kulira kwake. Si njerwa zowotcha za kwathu zija, ndi timatabwa tophimbidwa ndi mabolodi. Chipolopolo cha AR-15 chikaphonya wakuba chimaboola khomalo, ndipo kuseri kwake kwagona mwana wanu kapena wa neba. Kumalo kumene munawombera kuja kunali kowala, munavala zotchingira m'makutu, ndipo chimene mumalasa chinali pepala. Pakati pa usiku, mumdima, mtima ukugunda ngati ng'oma, amene akutsegula chitsekoyo atha kukhala mwana wanu akuchokera kukamwa madzi.

Pali chinanso chimene ogulitsa mfuti sakamba. Mu 2021 anthu opitirira 48,000 anafa ndi mfuti ku America, ndipo oposa theka la iwo anachita kudziwombera okha. Moyo wa kunja tonse tikuudziwa: mashifiti awiri, chisanu cha January, ngongole, foni za kumudzi zopempha fizi, mkangano wa m'banja wopanda ankhoswe pafupi. Usiku woipa umadutsa, kukacha munthu n'kumadziseka yekha. Mfuti ikakhala pansi pa bedi usikuwo, nthawi zina kukacha ndi maliro.

Ndisainenere bodza AR-15: anthu ambiri ophedwa ku America amaphedwa ndi mapisitolo, osati mfuti zazitali. Koma mbiri yake inaipa pa chifukwa. Ku Sandy Hook mu 2012 inapha ana 20 ndi akuluakulu 6 pasukulu. Ku Uvalde mu 2022 kunafa ana 19 ndi aphunzitsi 2, apolisi ataima panja pa kalasi kupitirira ola lathunthu. N'chifukwa chake malamulo ake sakhazikika. Bill Clinton anasainira lamulo loletsa mfuti zamtunduwu mu 1994, n'kutha mphamvu mu 2004. Ku Indiana kwanuko zimagulitsidwa, koma Illinois, mongodutsa malire, inaletsa kugulitsa kwake mu 2023. California ndi New York nawonso ali ndi ziletso zawo.

Ndiye pali khungu lathuli. Mu July 2016 ku Minnesota, Philando Castile, munthu wakuda ngati ife, anaimitsidwa pamsewu, n'kuuza wapolisi mwaulemu kuti ali ndi mfuti. Chilolezo anali nacho. Anawomberedwa m'galimoto momwemo, kamwana kali kumpando wakumbuyo, ndipo khoti linapeza wapolisiyo wosalakwa. Tsono taganizani apolisi afika panyumba panu usiku, neba atawaimbira kuti wamva mfuti, n'kupeza munthu wakuda ataima pakhonde ndi AR-15.

Ndikanakhala ine sindikanagula. Ngati mapepala anu akulola ndipo chakukomerani ndi kuwomberako, malo ambiri ophunzirira aja amabwereketsa mfuti: mulipire, muwombe mpaka phewa likhute, muisiye komweko. Ndalama yotsalayo mugulire loko wolimba, kamera ya pakhomo ndi getsi la panja. Mukaumirirabe, sefa yachitsulo ifike m'nyumba mfuti isanafike, zipolopolo zizikhala kwina, ndipo muyambe mwachita maphunziro enieni, osati a anzanu a kuntchito.

M'imelo yanu mwatchula anzanuwo, koma simunanene kuti mlamu wanga akuti chiyani. Mwawauza kale?