Yankho kwa mayi amene afunsa za Vezel ya petulo ndi ya hybrid

Mayi, mwafunsa ngati muitanitse Honda Vezel ya petulo kapena ya hybrid ya chaka cha 2014 kapena 2015, ndipo mwatchulanso kuti mtima wanu umakopeka ndi Toyota C-HR ngakhale mtengo wake wakwererapo. Mwafotokoza kuti mumakhala ku Area 25 mu Lilongwe, mumagwira ntchito ku City Centre, ndipo kangapo pachaka mumapita kumudzi ku Ntcheu, kumene mumasiya tala n'kuyenda pamsewu wafumbi. Ndawerenga mayankho amene anzathu akupatsani, ena akuti hybrid ndi mavuto okhaokha, ena akuti ndiyo yankho la kukwera mtengo kwa mafuta. Ine ndayendetsapo mitundu yonse iwiri, ndipo maganizo anga ndi akuti pa Vezel ya zaka zimene mwatchulazo mutenge ya petulo, koma ngati mtima wanu uli pa hybrid, mudekhe muonjezere ndalama mugule yopangidwa mwa njira ya Toyota. Ndifotokoze chifukwa chake.

Choyamba tichotse mantha amene ndawaona m'mayankho angapo. Galimoto za hybrid zimene mukunenazi sizilumikizidwa ku magetsi a ESCOM, choncho kuzimazima kwa magetsi sikukukhudzani. Zimamwa petulo monga galimoto ina iliyonse, koma zili ndi mota yamagetsi ndiponso batire lalikulu limene limadzitchaja lokha injini ikamayenda komanso pamene mukuponda mabuleki kapena kutsetsereka. Mphamvu imene galimoto wamba imataya ngati kutentha pa mabuleki, hybrid imaibwezera mu batire, kenako n'kuigwiritsa ntchito ponyamuka. Ndiye chifukwa chake phindu lake limaonekera kwambiri mumzinda, pamene munthu ukungoima ndi kunyamuka, monga mmene zimakhalira m'mawa kuchokera ku Kanengo kulowera ku Area 18. Galimoto ikaima pamzere injini imazima yokha, ndipo simuwotcha mafuta pachabe. Koma mukakhala pa M1 kulowera ku Dedza ndi ku Ntcheu pa liwiro lokhazikika, injini ndiyo imagwira ntchito pafupifupi nthawi yonse, ndipo kusiyana kwa kamwedwe ka mafuta kumachepa.

Ziwerengero zimene ogulitsa amaika pa intaneti muzizitenga mosamala. Vezel itatuluka ku Japan mu Disembala 2013, kampani inalengeza kuti ya hybrid imafika makilomita 27 pa lita imodzi ndipo ya petulo imapitirira pang'ono makilomita 20, pamene C-HR ya hybrid, imene inatuluka mu Disembala 2016, inalembedwa makilomita 30.2. Ziwerengerozi zinachokera ku mayeso a ku Japan otchedwa JC08, amene sankachitikira pamsewu wa maenje ndi mahampu, galimoto itanyamula matumba a chimanga. Kuno simudzaziona. Tiyerekeze kuti mumayenda makilomita 1,000 pamwezi, ndipo ya petulo ikukupatsani makilomita 13 pa lita pamene ya hybrid ikukupatsani 18. Yoyambayo idzamwa malita pafupifupi 77, inayo pafupifupi 56, kusiyana kwake malita 21 pamwezi, omwe ndi malita pafupifupi 250 pachaka. Chulukitsani malita amenewo ndi mtengo umene MERA yalengeza panopa, kenako muyerekeze ndi ndalama imene mukuonjezera pogula hybrid, ndipo mudziwa zaka zimene zidzadutse musanabweze ndalama yanu. Ndikuvomereza kuti pali phindu lina losawerengeka ndi ndalama: tonse tikukumbukira mizere ya mafuta ya mu 2022 ndi zaka zotsatira, anthu akugona pamalo omwetsera mafuta, ndipo galimoto imene thanki yake imakhalitsa imakupulumutsani ku masiku ena a pamzere. Ichi sindichipeputsa.

Nkhani yaikulu, imene ambiri sakuitchula, ndi yakuti mawu akuti hybrid sakutanthauza chinthu chimodzi. Vezel yoyambayo ya hybrid, imene pamapepala imalembedwa RU3 kapena RU4, ili ndi injini ya malita 1.5, mota imodzi, ndi giyabokosi ya magiya 7 yokhala ndi ma clutch awiri ouma, njira imene Honda anaitcha i-DCD. Giyabokosi imeneyi imasintha magiya yokha, koma mkati mwake imagwira ntchito ngati ya manyuwelo, ndipo siikondwa ndi kukwawa pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, makamaka pachikweza. Munthu akamaigwira galimoto pamtunda ndi phazi la pamoto m'malo moponda buleki, ma clutch amatentha, chenjezo limayaka, ndipo nthawi zina galimoto imafuna kuti muime kaye izizire. M'chaka cha 2014 Honda anaitanitsa kangapo galimoto za Fit ndi Vezel za hybrid ku Japan kuti zikakonzedwe, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali pulogalamu ya kompyuta yoyendetsa giyabokosiyi. Pamene anatulutsa Vezel yatsopano mu 2021, njira imeneyi anaisiya n'kuika ina ya mamota awiri yotchedwa e:HEV. Sindikunena kuti Vezel iliyonse ya hybrid ndi yoipa, pakuti alipo ambiri amene akuiyendetsa bwinobwino, makamaka amene amasintha mafuta a clutch pa nthawi yake. Koma zaka zimene inu mwatchula ndizo zoyambirira zenizeni, ndipo galimotoyo ikufika m'manja mwanu itatha zaka khumi kapena kuposerapo, inu osadziwa mmene mwini wake woyamba ankaisamalira.

Vezel ya petulo, RU1 kapena RU2, ilibe zonsezi. Ili ndi injini ya malita 1.5 ndi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT, imene chofunika chake chachikulu n'kuthiramo mafuta ake enieni osati alionse amene apezeka pashelefu. Makaniko wodziwa ntchito wa ku Ntcheu angathe kuona zambiri za galimoto imeneyi popanda kukutumizani ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Toyota anayamba kugulitsa Prius mu 1997, ndipo njira yawo ndi yosiyana kotheratu. C-HR ya hybrid, yolembedwa ZYX10, ili ndi injini ya malita 1.8 yofanana ndi ya Prius, mamota awiri, ndi magiya ochepa ozungulirana amene amagawa mphamvu pakati pa injini ndi mamotawo. Mulibe clutch yoti ipse pamzere, mulibe sitata kapena alternator monga tinazolowera, ndipo mabuleki ake amakhalitsa chifukwa mota ndiyo imachepetsa liwiro nthawi zambiri. Kwa munthu woyenda njira yanu ya tsiku ndi tsiku, iyi ndiyo hybrid imene ndingailimbikitse ndi mtima wonse. Komabe ili ndi chofooka chimene chikukhudzani inu mwachindunji: ndi yotsika. Kuchokera pansi kufika pamimba pake pali mamilimita pafupifupi 140, pamene Vezel yokoka ndi matayala akutsogolo ili ndi pafupifupi 185. Dzina lakuti SUV lisakunamizeni, pakuti kutalika kwa mimba ya C-HR kuchokera pansi n'kofanana ndi kwa galimoto zazing'ono wamba. Msewu wakumudzi kwanu mumaudziwa ndinu. Ngati m'dzinja umakumbika n'kusiya mtumbira pakati, kapena ngati pali khwawa loti muwoloke madzi akuthamanga, C-HR idzakhula pansi, ndipo madzi akalowa m'kati mwa hybrid iliyonse kuwonongeka kwake kumakhala kwakukulu, popeza batire lake limakhala mmunsi, pansi pa mpando wakumbuyo kapena pansi pa buti. Mpando wakumbuyo wa C-HR ndi wothinanso ndipo mawindo ake ndi aang'ono, zimene muyenera kuziganizira ngati mumanyamula makolo kapena ana.

Za batire ndinene zimene ndinaziona ndekha. Batire lalikulu limazizira ndi mpweya wa m'kati mwa galimoto, umene kafani kakang'ono kamakoka kudzera pakabowo ka m'mbali mwa mpando wakumbuyo. Chaka china m'mwezi wa Okutobala, nditayenda maulendo angapo pamsewu wafumbi mawindo ali otsegula, ndinayamba kumva fani ikulira kumbuyo kosalekeza, ndipo injini sinkazimanso pamzere monga kale. Makaniko atatsegula, tinapeza kasefa katatsekeka ndi fumbi lofiira losakanikirana ndi ulusi wa zitenje ndi mankhusu a chimanga, zolimba ngati kachigamba ka bulangeti. Anakapukuta ndi burashi, anatsuka fani, ndipo galimoto inabwerera mwakale tsiku lomwelo. Ndikanachedwa, kutentha kukanafooketsa batire, pakuti mdani wamkulu wa mabatire amenewa ndi kutentha. Choncho mukagula hybrid musamatseke kabowo kameneko ndi katundu, muzikayeretsa pa sevisi iliyonse, ndipo galimotoyo isamakhale miyezi yosalizidwa. Dziwaninso kuti muli batire lina laling'ono la mavoti 12, ndipo likafooka galimoto siidzuka ngakhale lalikulu lili bwino. Anthu ena auzidwapo kuti batire lalikulu lafa pamene vuto linali laling'onolo, lomwe mtengo wake ndi wochepa kwambiri. Mawaya a mtundu wa lalanje amanyamula magetsi oposa mavoti 100, oopsa ku moyo, ndipo musalole munthu wosaphunzira za hybrid kuwagwira.

Batire lalikulu likatopa zenizeni, ndalama yake imakhala yambiri, ndipo limagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi iliyonse zikatero mitengo ya masipeya imatsatira. Ndiye chifukwa chake ndimauza aliyense wogula hybrid yakale kuti asawononge ndalama yonse pogula galimoto, koma asungeko ina pambali. Ngati ndalama zanu zikungokwanira ndendende kugula, kulipira sitima mpaka ku Dar es Salaam, woyendetsa wodzafika nayo pachipata cha Songwe, msonkho wa MRA ndi kulembetsa, ndiye kuti hybrid ya zaka khumi ikuikani pachiswe. Msonkho umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, choncho pemphani wokuthandizani kuombola katundu kuti akuwerengereni galimoto zonse ziwiri musanatumize ndalama ku Japan, chifukwa injini ya 1.8 ndi ya 1.5 zingathe kukupatsani ziwerengero zosiyana.

Musanalipire, funsani pepala la kumsika wa ku Japan limene limasonyeza giredi ya galimoto, makilomita amene yayenda ndi ngozi zimene inachitapo, ndipo nambala ya chassis igwirizane ndi ya pazithunzi. Ngati mukugula imene ili kale kuno, pitani nayo kwa makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ailumikize ku kompyuta. Pa hybrid ya Toyota aone ngati zigawo za batire zili ndi mphamvu yofanana, ndipo pa Vezel ya hybrid muiyendetse nokha pachikweza pang'onopang'ono injini itatentha, mumve ngati ikunjenjemera ponyamuka kapena kuchedwa kulowa giya. Onaninso m'buti, chifukwa galimoto zambiri zamtunduwu zimabwera zopanda tayala la sipeya, zili ndi kabotolo komatira ndi kapampu basi, zimene sizingakuthandizeni mwala ukang'amba tayala m'mbali muli pakati pa Ntcheu ndi kumudzi.

Kwa inu, Mayi, monga mwafotokozera moyo wanu, Vezel ya petulo ndiyo ikugwirizana ndi ndalama zanu, msewu wakumudzi kwanu ndi amakaniko amene muli nawo pafupi, ngakhale muzidzathira malita ochulukirapo mwezi ndi mwezi. C-HR ya hybrid muiganizire pokhapokha ngati msewuwo umadutsika ndi galimoto zazing'ono ngakhale mu Febuluwale, ndipo mukagula mutsalabe ndi ndalama yapadera. Mukapeza galimoto imene yakusangalatsani, ikani pano chithunzi cha pepala lakumsika lija mutabisa dzina lanu, ndidzakuthandizani kuwerenga zizindikiro zake musanatumize ndalama.