Chotenthetsera madzi a dziwe losambiramo ku Mangochi

Achimwene, mwafunsa ngati mugule hita ya magetsi ya dziwe lanu la mamita 8 m'litali, 4 m'lifupi, kuya 1.5. Musagule. Muli malita 48,000 mmenemo, ndipo kukweza kutentha ndi digiri imodzi yokha kumadya mayunitsi pafupifupi 56. Magetsi akazima, zonse zapita pachabe.

Kuno madzi amazizira kwambiri mu June ndi July, mwera ukamaomba, koma dzuwa limakhalapo. Ikani mapaipi akuda a sola padenga loyang'ana kumpoto, osachepera theka la kukula kwa dziwe, ndiye kuti masikweya mita 16. Pampu yanu yomweyo ikankha madzi, bola denga lisatalike kwambiri.

Polumikiza pake ndi pamene ambiri amalakwitsa. Madzi achoke pa pampu, adutse mu fyuluta, akwere padenga, kenako ndiye alandire klorini. Klorini akatsogola amadya zida. Ikani valavu yoletsa madzi kubwerera, ndi ina yolambalalitsa denga, chifukwa pampu ikayenda usiku mapaipi omwewo amaziziritsa dziwe. Mu October mudzatseka ndithu njira ya madzi yopita padenga.

Madzi a pamjigo amasiya laimu m'mapaipi, choncho pH, muyeso wa asidi m'madzi, isapitirire 7.6. Usiku vundikirani dziwe, poti kutentha kwambiri kumathawa ndi nthunzi.