Magazi a mwana amachokera kwa makolo onse awiri

Mayi mnzanga amene mwana wanu ali ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell, mawu amene apongozi anu akunenawo, akuti ndinu amene mwabweretsa magazi oipa m'banja, inenso ndinawamva, ndipo mpaka lero amandibaya mumtima. Mwana wanga anayamba kutupa manja ndi mapazi ali ndi miyezi 8. Kwa chaka chathunthu wachipatala wina ankangotipatsa mankhwala a malungo ndi owonjezera magazi osaganizako zoyeza china, ndipo tsiku lina anandikalipira pamaso pa anthu kuti sindimudyetsa mokwanira.

Usiku wina mwanayo analira mpaka mawu kutha, ndipo ndikati ndimunyamule ankakuwa ngati ndamuthira madzi otentha. Nditamuunika ndi foni ndinaona zikhatho zayera mbee, maso ali achikasu, kapamba atatupa moti ndinkamumva ndi dzanja kumanzere kwa mimba. Tinafika kuchipatala mwana ali lefu, anamuthira magazi usiku womwewo, ndipo pamene ine ndinkagwira kamkono kake kuti singano isatuluke, apongozi anali pakhomo la wodi akuuza achibale kuti kwawo kulibe matenda otere.

Pambuyo pake anapeza kuti ndi sickle cell. Atatiyeza tonse awiri, zinaoneka kuti ine ndi bambo ake aliyense ali ndi mbali imodzi ya chibadwa chimenechi, chimene achipatala amachilemba kuti AS, ndipo palibe mwa ife amene anadwalapo. Makolo otere akakumana, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana atenge mbali zonse ziwiri, maselo ofiira n'kumapindika ngati chikwakwa ndi kutseka timitsempha. Chibadwachi n'chofala mu Africa chifukwa amene ali ndi mbali imodzi yokha amatetezeka ku malungo aakulu, choncho makolo athu akale amene anali nacho ankapulumuka n'kuchisiyira ana awo. Apongozi anga, amene anandinyoza chaka chonse, sanapepese ngakhale nditawaikira zotsatirazo m'manja.

Inuyo musalimbane ndi apongozi anu, ingopitani ndi amuna anu mukayezetse limodzi. Ngakhale wachipatala woyamba uja analakwitsa, achipatala muziwamvera, chifukwa ndi amene anapulumutsa mwana wanga. Funsani za mankhwala otchedwa penicillin, folic acid ndi hydroxyurea, mwanayo azigona mu neti, azimwa madzi ambiri, asazizidwe, ndipo thupi likangotentha musadikire kuti kuche.